Gulu la Dedza Kwathu: kodi kloramini uja ali m'madzi athu?

Mai a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Abale ndithandizeni, kavidiyo kakuyenda mmagulu kaja konena kuti mankhwala a kloramini amene amathira mmadzi a pampopi akuyambitsa khansa mwakaona? Ine mtima suli mmalo chifukwa madzi athu kuno ku boma masiku ano akununkha mankhwala kwambiri mpaka tiyi sakukoma, ndiye kamwana kanga katuluka totupa pakhosi ndi kumsana kakungodzikanda usiku onse. Apongozi akuti tisiye zapampopizi tizikatunga pa chitsime cha kudimba pamene amamwa iwo

Gift (admin): Tadzuka mai. Kavidiyoko kaponyedwa muno kangapo ndimangofufuta poti sitikudziwa kachokera kuti. Koma poti mwafunsa tiyeni tikambirane, muno muli anthu a zaumoyo

Bambo Kachingwe: Osamafufuta a Gift, anthu azidziwa. Ife tinakula tikumwa madzi otsika mphiri la Dedza opanda kanthu kalikonse ndipo makhansa amenewa sitimawamva. Lero chilichonse mankhwala, madzi mankhwala, chimanga mankhwala

Nangozo: Mai a Tadala chonde chonde musanapange china chilichonse, za chitsime cha kudimbazo imani kaye. Mvula yayamba iyi. Ndikulemba bwino ndikatuluka mu sikelo

Dalitso pulambala: Funso langa kwa mai, madziwo akumatuluka oyera ngati mkaka kapena akungonunkha?

Mai a Tadala: Zonse achimwene. Makamaka akabwera atasowa, amayamba ndi kuphulika phu phu kenako oyera mbuu

Dalitso pulambala: Kuyerako si mankhwala mai, ndi mpweya. Madzi akasiya mapaipi amadzadza mpweya, akabwerera ndi mphamvu mpweya uja umasakanikirana ndi madzi nkukhala tithovu ting'onoting'ono. Tungani mu galasi muike patebulo muyang'anitsitse, muona akuyamba kuyera mbee kuchokera pansi kukwera mmwamba, pasanathe mphindi ziwiri ali bwinobwino. Akanakhala ufa wa mankhwala bwenzi ukudikha pansi. Anthu ambiri amandiimbira za zomwezi

Aphunzitsi Mbewe: Ndalowa mochedwa ndinali mkalasi. Kavidiyoko ndakaona, akunena za ku America. Ndifotokoze pang'ono mmene ndimawauzira ana a Folomu 4. Klorini tonse timamudziwa, ndi uja wa HTH, wa WaterGuard, wa mu Jik. Kloramini amapangidwa pophatikiza klorini yemweyo ndi amoniya, amoniya ndi uja amanunkha mkhola la nkhuku kapena pamene anthu amakodzapo kawirikawiri. Mizinda ina ikuluikulu imathira dala amoniya pang'ono mmadzi oti athira kale klorini pa zifukwa ziwiri. Choyamba klorini payekha amatha msanga mmapaipi, madzi akayenda mtunda wautali amakafika kumapeto mphamvu itatha, pomwe kloramini amakhalitsa. Chachiwiri klorini akakumana ndi zinyalala za masamba ovunda zosungunuka mmadzi amapanga timankhwala tina totchedwa trihalomethanes, timeneti ndi timene akatswiri akhala akutikayikira pa nkhani ya khansa ya chikhodzodzo munthu akamamwa tambiri kwa zaka zambiri, ndiye kloramini amapanga tochepa. Si chinthu chatsopano ayi, mzinda wa Denver ku America unayamba kumugwiritsa ntchito mu 1917. Ku America kuposa munthu mmodzi mwa asanu aliwonse amamwa madzi a kloramini

Bambo Kachingwe: Ndiye mwavomera nokha aphunzitsi kuti klorini yemweyo amabweretsa khansa

Aphunzitsi Mbewe: Ndanena kuti pali kukayikira pa timankhwala timene amapanga akakumana ndi zinyalala bambo, ndipo nchifukwa chake madzi amayamba adikhitsidwa ndi kusefedwa asanathiridwe klorini. Bungwe la WHO limanena mosabisa kuti chiopsezo cha timankhwala timeneti ndi chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi chiopsezo cha kumwa madzi osatetezedwa, ndipo limati tisasiye kupha majeremusi pofuna kuthawa timeneti

Yohane wa ku Joni: Moni akwathu. Ine ndiye ndimamwa kloramini ameneyo daily kuno. Madzi a Johannesburg amachokera kutali ku damu la Vaal, a bungwe la zamadzi la Rand Water amathira klorini kenako amawonjezera amoniya mmasiteshoni awo opopera kuti mankhwala akafike mpaka kumapeto kwa mapaipi. Anthu mamiliyoni akumwa omwewa, ife amalawi tili kuno tikumwa omwewa, kuphikira, kusamba. Pamene ndimamuonera mphamvu ndi pa nsomba. Abwana anga ali ndi kadamu ka nsomba zokongoletsa zija za koi, ndinauzidwa tsiku loyamba kuti ndisayerekeze kutsegulira payipi molunjika mmenemo. Ndimatunga kaye mu dramu, ndikuthira kamankhwala kapadera kochotsa kloramini, kutakasa, kenako ndiye kuthira mkadamu. Oyandikana nafe wantchito wawo watsopano anangolowetsa payipi nkupita kukatchetcha kapinga, pobwera anapeza nsomba zili pamwamba zikupuma movutika kukamwa yasa, zina zitatembenuka kale mimba mmwamba

Mai a Tadala: Mayo ine. Ndiye chopha nsomba munthu nkumamwa?

Bambo Kachingwe: Ndi zomwe ndikunenazo

Sisita Jere: Funso labwino mai ndipo yankho lake likukhudza ntchito yathu. Nsomba imapuma ndi makha ake, madzi amagunda magazi ake pafupifupi mwachindunji. Klorini wamba nayenso amapha nsomba chimodzimodzi. Ife tikamwa madzi amapita mmimba ndipo kamlingo kakang'ono kaja kamaphwanyidwa kasanafike mmagazi. Koma alipo anthu amene kwa iwo kloramini ndi woopsa zenizeni, odwala impso amene amatsukidwa magazi pa makina a dialysis. Pamenepo madzi malita oposa 100 amadutsa pafupi ndi magazi a munthu pa ulendo umodzi, pakati pali kachikopa kopyapyala basi, ndiye kloramini akadutsa amaswa maselo ofiira a magazi munthu nkuchepa magazi mwadzidzidzi, ena mmaiko akunja anamwalirapo nazo. Nchifukwa chake malo aliwonse a dialysis, kaya ku Kamuzu Central kaya ku Queens kaya kunja, madzi a makinawo sangokhala a pampopi, amayenera kudutsa mmasefa a makala apadera ndi makina ena ndipo amayezedwa. Koma wodwala yemweyo kumwa kapu ya madzi a pampopi ndi nkhani ina

Sisita Jere: Za mwanayo mupite naye kuchipatala akamuone. Totupa toyabwa nyengo ino tikuona tambiri, mphere, zipere, thukuta, sopo wochapira, nsikidzi. Ngati akudzikanda kwambiri usiku muyang'ane pakati pa zala ndi pamkono komanso ngati wina mnyumbamo akudzikanda. Osangoganizira madzi nkumusiya mwana akuvutika

Mai a Tadala: Mkulu wake nayenso wayamba kudzikanda pa zala sisita, amagona mphasa imodzi. Ndipita nawo onse mawa

Chikondi M: Pepani akuluakulu ndilowererepo. Ine ndikuona ngati tikumuyeretsa kwambiri kloramini. Kavidiyoko kakokomeza inde koma nkhani yake ili ndi pochokera. Mu Novembala 2024 magazini ya Science inatulutsa kafukufuku wa a Julian Fairey a ku University of Arkansas ndi anzawo, anazindikira kamankhwala kamene kamapangika kloramini akamaphwanyika mmapaipi, dzina lake chloronitramide anion. Akatswiri ankadziwa kwa zaka pafupifupi 40 kuti pali kanthu kena kake mmadzi amenewa koma samatha kukazindikira. Anakapeza mmasampulo onse 40 ochokera mmadera amene amagwiritsa ntchito kloramini. Ofufuzawo sananene kuti kamayambitsa khansa, ananena kuti kakufunika kuyezedwa msanga poti kapangidwe kake kakufanana ndi mankhwala ena oipa ndipo anthu oposa 100 miliyoni akumwa. Palinso mankhwala ena otchedwa NDMA amene amatha kupangika ndi kloramini, amenewo ndiye ali mgulu la zinthu zoganiziridwa kuti zimayambitsa khansa. Ndiye anthu akumeneko akamadandaula sikuti apenga

Aphunzitsi Mbewe: Zoona Chikondi wanena bwino, ndipo uwonjezere ya Washington

Chikondi M: Eya imeneyo ndiye yomvetsa chisoni aphunzitsi. Mu 2000 mzinda wa Washington DC unasintha kuchoka pa klorini kupita pa kloramini pofuna kuchepetsa ma trihalomethanes aja. Koma nyumba zambiri zakale kumeneko zinalumikizidwa ndi mapaipi a mtovu. Klorini ankapangitsa kachikhungu kolimba mkati mwa mapaipiwo kamene kamatchinga mtovu, atasintha kachikhunguko kanayamba kusungunuka mtovu nkumalowa mmadzi. Anthu wamba anadzamva mu Januwale 2004 nyuzipepala ya Washington Post italemba, ana atamwa kale kwa zaka. Katswiri wina Marc Edwards ndi amene analimbana nayo nkhaniyi mpaka poyera. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ndipo sizibwerera. Anadzakonza pothira mankhwala ena a orthophosphate oteteza mapaipi. Chomwe chimandipweteka ine pa nkhani imeneyi ndi chakuti akuluakulu ena ankadziwa manambala koma anthu sanauzidwe msanga

Bambo Kachingwe: Mwanayu ndiye akuyankhula. Ngati azungu okhaokha anabisirana kuli bwanji ife

Dalitso pulambala: Komatu tisasokoneze. Ine ndagwirapo maganyu mmalo oyeretsera madzi angapo mchigawo chino, zimene ndimaona ndi matumba a alamu odikhitsira matope ndi zigubu za HTH, ena amagwiritsa ntchito klorini wa mmasilinda. Amoniya sindinamuonepo akuthiridwa. Matauni athuwa ndi aang'ono, madzi sayenda mtunda ngati wa ku Joni. Ndipo mapaipi amene ndimakumana nawo ine ndi PVC, akuda aja a HDPE, ndi a galvanised akalekale odzadza dzimbiri. Pamene mtovu ungabisale ndi mmatapu otchipa a brass ndi mmalo owotcherera akale, ndiye ine ndimawauza makasitomala kuti mmawa madzi oyamba amene agona mu tapu atsegule pang'ono atsukire mbale kapena kuthirira maluwa, akumwa atunge pambuyo

Nangozo: Ndabwera tsopano. Ndiwerenge kaye zonse

Nangozo: Chabwino. Aphunzitsi ndi Chikondi afotokoza za kunja, ine ndinene za pakhomo pathu pano poti ndi zimene ndimagona nazo. Mliri wa kolera unayamba mu Malichi 2022 uja unadwalitsa anthu oposa 58,000 mdziko muno ndipo oposa 1,700 anamwalira, sitinaonepo wotero. Ine ndinali kumunsi kuno mbali ya Mtakataka ndi Golomoti. Kolera simatenga zaka 30 ngati khansa imene tikuiopayi. Munthu amadzuka bwinobwino, pofika masana akutsegula madzi oyera ngati otsukira mpunga, madzulo maso alowa mkati, ukatsina khungu la pamimba limangoima osabwerera, mawu atha. Ndinaona bambo wamphamvu zake atanyamulidwa pa njinga ya kabaza atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa chifukwa samatha kukhala yekha, pofika pa tenti mitsempha yonse itabisala anamwino akusowa pobaya diripi. Ndiye chimene chinkatithandiza kuzimitsa moto umene uja ndi klorini yemweyu, khomo ndi khomo, chigubu ndi chigubu. Lero wina ku America wajambula kavidiyo ka vuto la mapaipi a kwawo, kafika kuno kopanda mutu wake, ndipo zotsatira zake mai wa ana awiri akuuzidwa kuti asiye mpopi akatunge kudimba mu Disembala. Ichi ndiye chikundiwawa abale

Nangozo: Ndipo mai a Tadala apongozi anu sakunama kuti iwo amamwa ndipo ali bwino, thupi la munthu wamkulu lina limapirira, koma chitsime cha kudimba nchosaya, chilibe chivindikiro, mvula ikagwa madzi onse ochokera kumtunda kumene kuli zimbudzi, makola ndi matewera otayidwa amatsikira momwemo. Kamwana ka zaka ziwiri sikangapirire zimenezo

Mai a Tadala: Ndamva anangozo. Kungoti kuwayankha apongozi nkovuta, mukudziwa

Nachisale: Muwatume bambo a Tadala akawauze okha amayi awo, inu musalowepo

Aphunzitsi Mbewe: Pali chinanso chimene anthu sadziwa. Ngati pali malo amene kloramini angapangike kuno kwathu ndi pa chitsime cha kudimba chomwecho. Madimba athu a kachewere, kabichi ndi tomato kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lizulu timathira yureya, CAN, manyowa a nkhuku ndi a ng'ombe. Zonsezi zimatulutsa amoniya amene amatha kulowa mmadzi osaya. Ndiye munthu watunga madzi amenewo, wathira WaterGuard kachivindikiro kake mwa lamulo, klorini uja mmalo mopha majeremusi amayamba wagwirana ndi amoniya nkusanduka kloramini. Vuto pamenepo sikuti kloraminiyo akupha ayi, vuto ndi lakuti ndi wofooka, amapha majeremusi pang'onopang'ono kwambiri kuyerekeza ndi klorini, ndiye iwe wadikira mphindi 30 zako ukuganiza kuti madzi atetezeka pomwe ntchito sinathe

Nangozo: Nchifukwa chake timati madzi akakhala akuda ayambe adikha, muwasefe pa kansalu koyera, kenako ndiye muthire mankhwala, ndipo madzi a matope amafuna mlingo wowirikiza kawiri. Zalembedwa pa botolo. Koma chabwino koposa kutunga pa mjigo kapena pampopi kusiyana nkulimbana ndi madzi a mdimba

Bambo Kachingwe: Nanga fungo limene akunena mayiwa? Ife kuno kwathu nafenso masiku ena ukatsegula mpopi maso amachita kuwawa. Zimenezo ndi zabwino? Tisamangoti kolera kolera ndiye basi azithira mmene afunira

Nangozo: Apo ndikugwirizana nanu bambo, sayenera kuthira mwachisawawa. Mlingo ulipo. WHO imati klorini asapitirire mamiligalamu 5 pa lita, kloramini 3 pa lita, ndipo pampopi pa munthu pazifika osachepera 0.2, nthawi ya mliri timafuna 0.5. Mphuno ya munthu imamva klorini pa mlingo wotsika kwambiri kuposa 5 ameneyo, ndiye kumva fungo pakokha sikutanthauza kuti apyola. Nyengo ya mvula amawonjezera dala poti madzi amabwera akuda, komanso amene ali pafupi ndi thanki amalandira wamphamvu kuti wakumapeto alandireko kena kake. Koma maso kuwawa ndiye ayi, pamenepo pakufunika kuyeza

Gift (admin): Kuyezako kumatheka kuno konkuno?

Nangozo: Kumatheka ndipo nkosavuta. Tili ndi kabokosi kapulasitiki koonekera mkati, mbali ina kali ndi mitundu ya pinki kuyambira wotuwa mpaka wakuda ndi manambala ake. Umatunga madzi, kuponyamo kapiritsi ka DPD 1, kukhutchumula, madzi amasanduka pinki ndiye umayerekeza ndi mitundu ija utalozetsa kowala. Ameneyo ndi klorini amene ali ndi mphamvu. Kenako ukaponyamo ka DPD 3 mmadzi omwewo nkudikira mphindi ziwiri, ngati pinki uja wawonjezereka kuda ndiye kuti muli klorini wogwirana ndi amoniya, kloramini ameneyo. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye mlingo wake. Ndiye mmalo mokangana ndi kavidiyo titha kungoyeza mpopi wa mai a Tadala ndi wa bambo Kachingwe tione. Ma piritsi a nambala 3 ndi amene amasowa koma ndifunsa anzanga a zaumoyo ku boma

Chikondi M: Izi ndiye zimene ndimafuna. Ine sindikuti anthu asiye klorini ayi anangozo, ndikuti tizipatsidwa manambala. Mmaiko ena ogulitsa madzi amatumiza lipoti chaka ndi chaka kwa aliyense wolipira bilu, muli mankhwala akuti mlingo wakuti. Ife timangolandira bilu basi. Anthu akamakhulupirira mavidiyo nchifukwa choti palibe amene amawauza kanthu

Yohane wa ku Joni: Apo wanena zoona mphwanga

Nachisale: Ine ndili ndi funso lina koma likukhudzana. Ndimayang'anira hostel ya atsikana. Tsiku lina mayi amene amatikolopera anathira Jik wambiri mu ndowa zimene ana amakodzeramo usiku poti zimbudzi zili panja, ndowazo asanazikhuthule, ali mkachipinda kopanda windo. Anatuluka akutsokomola misozi ili chuchuchu, chifuwa chitamugwira, tinachita kumukhazika panja pamphepo nthawi yaitali ndithu asanayambe kupuma bwino. Kodi ndi zomwezi?

Aphunzitsi Mbewe: Ndi zomwezo ndendende mai Nachisale, ndipo ameneyo ndiye kloramini amene angakupwetekeni lero lomwe kuno ku Dedza. Mkodzo ukagona umatulutsa amoniya wambiri, Jik ndi klorini wamphamvu kuwirikiza kambirimbiri kuposa wa mmadzi akumwa, zikakumana zimatulutsa mpweya wa kloramini umene umawotcha maso, mmero ndi mapapo. Fungo limene mumamva pa swimming pool ya anthu ambiri lija ndi lomweli, klorini wakumana ndi thukuta ndi mikodzo

Sisita Jere: Ndipo kwa munthu wa mphumu zimatha kufika poipa kwambiri. Muwauze akhuthule kaye, atsukuluze ndi madzi, kenako ndiye Jik wosungunula, zitseko zili zotsegula. Komanso Jik asamaphatikizidwe ndi mankhwala ena aliwonse otsukira mchimbudzi, ena aja ali ndi asidi ndipo amatulutsa mpweya wa klorini weniweni umene ndi woopsa kuposa. Amayi ambiri amasakaniza poganiza kuti ziyera bwino. Wina akapuma zimenezi mutulutseni panja msanga, ngati kubanika sikukusiya kapena akulira mchifuwa thamangirani naye kuchipatala osadikira

Nachisale: Zikomo sisita, ndikawauza onse mawa pa assembly ndi ana omwe poti Loweruka amatsuka okha

Mai a Tadala: Nanga poti fungolo likundivutabe pa tiyi, ndingatani osaononga chitetezo?

Aphunzitsi Mbewe: Ngati ndi klorini wamba nkosavuta, tungani madzi a tiyi mu jagi muvindikire ndi kansalu koyera agone, fungo limachepa lokha, ndipo kuwiritsa kumamuthamangitsanso. Kloramini ndiye samachoka msanga choncho, ukhoza kuwasiya madzi masiku ali momwemo, nchifukwa chake a Yohane amachita kuthira mankhwala. Iyinso ndi njira yongoyerekezera pakhomo, ngati fungo latha madzi atagona usiku umodzi ndiye kuti kwambiri ndi klorini wamba

Nangozo: Koma chenjezo, muchite zimenezo ndi madzi a tiyi okha kapena oti mumwa tsiku lomwelo. Klorini akachoka madzi aja alibenso mlonda, mwana akapisamo kapu ndi manja akuda palibe chopha majeremusi. A mu ndowa yaikulu asiyeni ndi fungo lawo, ikhale yovindikira, ndipo ngati mungathe gulani ija ya kampopi pansi kuti anthu asamapisemo

Yohane wa ku Joni: Kuno ena amagula majagi a sefa ya makala. Amathandiza fungo koma kasefako kamafuna kusintha pafupipafupi, ukakasiya nthawi yaitali kamasanduka nyumba ya majeremusi. Musamavutike kutituma zimenezo, mtengo wa masefa osinthira ukupwetekani

Bambo Kachingwe: Ine ndamva zonse koma sindinakhutire kwenikweni. Zoti kale kunalibe makhansa ndikuonabe choncho

Sisita Jere: Analipo bambo, kungoti anthu ankamwalira kumudzi tikuti alodzedwa kapena ndi chotupa chabe, kuyeza kunalibe. Ndipo khansa imene ikutha amayi kuno ndi ya khomo la chiberekero, Malawi ali mgulu la maiko amene ili pamwamba kwambiri padziko lonse, imayamba ndi kachilombo ka HPV ndipo katemera wake alipo wa atsikana, kuyezetsa kulinso kwaulere mzipatala za boma. Tikanati tiziopa khansa ndi mtima onse bwenzi mizere ya kumeneko ili yodzadza

Bambo Kachingwe: Pamenepo sinditsutsa. Koma kuyeza kuja kuchitike ndithu, ndipo muyeze tsiku limene madzi abwera kumene atasowa, osati tsiku labwino

Dalitso pulambala: Pamenepo bambo mwakhudza chenicheni. Madzi akasiya, mpaipi mumakhala mopanda mphamvu, ndiye paliponse pamene paipi inang'aluka kapena joini inamasuka imayamwa madzi akuda a mdothi kulowa mkati. Ndafukulapo mapaipi odutsa mngalande zonyansa, ena pafupi ndi soak away penipeni, atamangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Madzi oyamba kubwera aja ngati mulibe klorini wokwanira ndi amene angakudwalitseni. Ine ndimaopa mpopi wosanunkha kanthu tsiku limenelo kuposa wonunkha. Atsegulireni ayambe atuluka mpaka ayere musanatunge akumwa

Dalitso pulambala: Ndi amene muli ndi matanki pamwamba, ndi liti munasuzumiramo? Thanki ikakhala padzuwa klorini amatha msanga, pansi pamadikha matope, ena ndimapeza chivindikiro chinauluka kalekale muli ndere ndi abuluzi akufa. Eni ake ali pansi akudandaula za mankhwala a ku America

Gift (admin): Chabwino tipange chonchi. Anangozo mutiuze tsiku limene mwapeza ma piritsi aja, tiyeze mipopi ingapo, wa mai a Tadala, wa bambo Kachingwe, wina wa kumapeto kwa laini ndi kiyosiki imodzi ya kumsika, zotsatira tiziika muno ndi zithunzi za kabokosiko. Chikondi ulembe kalata yaifupi yopempha a zamadzi kuti azitiuza mankhwala amene amathira ndi zotsatira za kuyeza kwawo, ngakhale kungomata pa bolodi pa ofesi mwezi ndi mwezi, tisainire tonse tikapereke kudzera kwa khansala

Chikondi M: Ndilemba usiku uno ndiponya muno mukonze. Ndifunsemonso ngati ali ndi ganizo lodzayamba kloramini mtsogolo, kuti akadzafuna adzayambe auza a chipatala ndi oweta nsomba

Nangozo: Onjezeranipo chitsime cha apongozi a mai a Tadala pa mndandandawo, ndikufuna tikathire mankhwala mu chigubu cha madzi a pamenepo iwo akuona, tidikire mphindi 30 tiyeze limodzi ndi cha pampopi

Mai a Tadala: Ndiwauza bambo a Tadala akawakonzekeretse. Koma mubwere Lachiwiri kapena Lachitatu, masiku enawo amakhala ali ku msika ndi kachewere

Nachisale: A Dalitso ndiimbireni za thanki ya ku hostel, chivindikiro chake ndi lata lopsinjiza ndi njerwa ndipo ana atsekera sabata ya mawa, mpata wotsuka ndi umenewo